Mwana wa ku Luapula Amene Anatchuka ndi Kukhala Chete

M'chaka cha 2017 kunaoneka kanema wa ku Zambia wotchedwa I Am Not a Witch, ndiko kunena kuti "Sindine mfiti." Anaupanga ndi mai Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka koma wokulira ku Wales, ndipo anthu a m'kanemamo alankhula Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chingerezi. Mwana amene anasenza mbali yaikulu ya sewerolo anali Maggie Mulubwa, mtsikana wosakwana zaka 10, amene anali asanaimepo pamaso pa makina ojambula.

Mapezedwe ake anali odabwitsa. Mai Nyoni anayesa ana mazanamazana osapeza womkhutiritsa. Tsono anakumbukira chithunzi chimene mwamuna wake anajambula m'chigawo cha Luapula pamene analikufuna malo ochitira kanema. Pa chithunzicho panali kamtsikana. Anakafunafuna kufikira anakapeza.

M'sewerolo Maggie ndiye Shula, mwana wamasiye amene atulukira pamudzi wachilendo. Mkazi wina pochokera kumadzi amuona, nagwa, nataya madzi ake, ndipo pomwepo mudzi uti mwanayo ndi mfiti. Amtengera ku polisi, kenaka ku msasa wa akazi okalamba oneneredwa ufiti. Kumeneko ammangirira kumsana nsalu yoyera yaitali, kuti angauluke, namuuza kuti akaidula adzasanduka mbuzi. Mkulu wa boma, Bambo Banda, amene anamsewera ndi Henry B.J. Phiri, ayenda naye m'mabwalo kuti aloze akuba ndi kuitana mvula, iye nalandira mphatso zake. Nsalu ija ndi nzeru ya mai Nyoni, koma misasa yotere ilipo ndithu, pakuti iye anakakhala pa umodzi wa iyo ku Ghana asanalembe nkhani yake.

Kanemayu anayamba kuonetsedwa ku Cannes, m'dziko la France, m'mwezi wa May 2017. Olemba manyuzi a ku Ulaya anagawanika pang'ono pa za sewerolo, pakuti ena sanadziwe ngati ayenera kuseka kapena kulira, koma pa za mwanayo anagwirizana. Chimene anatamanda ndicho nkhope yake. Shula alankhula mau owerengeka m'kanema yense. Akulu amzinga, amfunsa, amuopseza, amveka zobvala zachilendo, iye angowayang'ana, ndipo woonera ayamba kuchita manyazi m'malo mwao. Ife tiganiza kuti otamandawo sanalakwe. Mwana wophunzitsidwa masewero akadalira mokweza kuti timmvere chisoni, ndipo tikadamuiwala msanga.

Pa kutha kwa chakacho dzina lake linalembedwa pakati pa akazi 5 opikisana pa mphotho ya British Independent Film Awards, pamodzi ndi Frances McDormand, mkazi wotchuka wa ku America. Mphothoyo inapita kwa Florence Pugh. Mai Nyoni analandira yake ya wotsogolera wopambana, ndipo m'chaka cha 2018 analandiranso ya BAFTA pamodzi ndi Emily Morgan.

Kwa ife a kuno ku Mulanje nkhani ya Shula si yachilendo ai. M'mwezi wa October 2017, pamene anthu a ku London analikugula matikiti kukaona mwana woneneredwa ufiti, kuno ndi ku Phalombe ndi ku Thyolo kunali mbiri ya anamapopa. Achinyamata anatseka miseu usiku, alendo anafunsidwa kumene achokera, ndipo anthu angapo anaphedwa popanda mlandu wao kuzengedwa. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Lamulo loletsa kunenera munthu ufiti lakhala m'mabuku a dziko lino kuyambira 1911, komabe m'masiku aja silinatchinjirize mlendo wogwidwa pamseu. Amene anaona zimenezi adziwa chifukwa chake Shula sayankha: khamu likatsimikiza mtima, mau onse a woneneredwa asanduka umboni womtsutsa. Azungu anati kukhala chete kwa Maggie ndi luso, ndipo ndi luso ndithu, koma amai a m'midzi ya m'tsinde mwa phirili akadakuzindikira msanga koposa iwo.

Mbiri ya Maggie m'makanema ndi yaifupi, ndipo dzina lake lidziwika ndi ntchito imodziyi. Kujambula kutatha, opanga kanema anasonkha ndalama zomlipirira sukulu. Mai Nyoni anabwerera ku Cannes m'chaka cha 2024 ndi kanema wachiwiri, On Becoming a Guinea Fowl, nalandira mphotho inanso. Mkazi wamkulu wa m'nkhani yatsopanoyo anamtchanso Shula, koma anamsewera ndi Susan Chardy.