Dzuwa la m'mawa pa Viphya lili ndi uthenga kwa mlimi

Mwezi wa Seputembala, munthu wolawirira pa boma la Mzimba amaona zokoma. Isanakwane 6 koloko, dzuwa limatulukira kuseri kwa mapiri a Viphya lili psuu ngati khala la moto, n'kuwalira mitengo ya mombo imene nyengo imeneyi imakhala itaphukira masamba ofiira. Ambiri amatulutsa foni n'kujambula.

Koma mlimi asangoona kukongola kokha. Dzuwa likafiira moti munthu n'kuliyang'ana osathobwa m'maso, ndiye kuti m'mwamba mwadzaza fumbi ndi utsi wa moto wolusa. Moto wa Seputembala ndi Okutobala ndi woopsa chifukwa udzu umakhala utaumitsitsa. Umapha timitengo tongophuka kumene, umathamangitsa njuchi ndipo umasiya nthaka pambalambanda. Mvula yoyamba ikagwa, dothi la chonde limathera mu mtsinje wa South Rukuru. Nkhalango ya paini ya Chikangawa, yomwe boma lidakulitsa kuyambira 1964 mpaka kufika mahekitala pafupifupi 53,000, yawonongeka kwambiri ndi moto wotere komanso kudula kosabwezeretsa.

Tsono chithunzi chingathe kukhala mboni. Komiti ya m'mudzi yoona zachilengedwe, kaya ndi ku Embangweni, ku Champhira kapena m'mphepete mwa nkhalango ya Perekezi, isankhe malo amodzi, monga pa mwala kapena pakhonde la tchalitchi. Chaka chilichonse, sabata yomweyomweyo, ajambule phiri ali chilili pamalo omwewo. Zithunzi za zaka zitatu zikayalidwa pamaso pa a mfumu, palibenso wotsutsa kuti makala akumaliza phiri, kapena kuti mitengo yabwerera.

Pojambula, fikani kusanache. Musaloze kamera padzuwa penipeni chifukwa phiri limangoda bii. Dzuwa likhale chakumbali kwanu, ndipo manja atsamire pa mtengo kuti asanjenjemere.

Mukatero, tembenukirani kumunda kwanu. Dzuwa likadali m'munsi, mithunzi imatalika ndipo tingalande tonse tomwe madzi adakumba chaka chatha timaonekera poyera. Masana simungatione. Zikani zikhomo pamenepo, funsani alangizi akuthandizeni kuyeza akalozera, ndipo mudzabzalepo udzu wa vetiva mvula ikakhazikika.

Ntchitoyi siilira ndalama, alimi anzanga. Imangofuna kudzuka tambala wachiwiri akalira.