Mjigo ukayamba kufooka: mmene mungadziwire vuto usanaferetu

Ndine mmodzi mwa odzipereka oyang'anira za madzi kuno ku kampu, ndipo ndikulemba izi chifukwa cha zomwe zidachitika pa mjigo wa m'dera lathu chaka chatha. Kwa miyezi iwiri mkono wake unkagwedera n'kumagogoda. Tonse tinkamva, ine ndemwe, koma poti madzi ankatuluka palibe adakanena. Tsiku lina m'mawa mkono udangopepuka, madzi osatulukanso. Tidakhala masabata atatu kudikira zipangizo. Amayi ankadzuka 3 koloko usiku kukaima pamzere wa mjigo wa dera lina, ena adayamba kutunga m'zitsime za kudambo, ndipo ana angapo adatsekula m'mimba. Makaniko atautsegula adationetsa chomwe chidayambitsa zonsezi: timabushi tapulasitiki totha kulowa m'dzanja, tomwe tikadasinthidwa pa ola limodzi.

Mjigo sufa mwadzidzidzi. Umayamba waonetsa zizindikiro, ndipo aliyense wotunga angathe kuzizindikira.

Zomwe zili mkati mwa mjigo

Mijigo yambiri m'chigawo chino ndi ya mtundu wa Afridev. Idakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 kuchokera ku ntchito yomwe idachitika m'Malawi ndi ku Kenya, ndipo cholinga chake chidali choti anthu a pamalopo azitha kuisamala okha. Imakoka madzi kuchokera pakuya mpaka mamita 45.

Mukamakweza ndi kutsitsa mkono, mumayendetsa marodi, ndodo zachitsulo zolumikizana zomwe zimatsika mkati mwa paipi. Kumapeto kwa marodi kuli pulanja, yomwe ili ndi labala wozungulira wokankhira madzi m'mwamba. Pansi pa pulanja pali futuvalavu, yomwe ntchito yake ndi kulola madzi kulowa koma osabwereranso. Mkati mwa pulanja ndi futuvalavu muli kabobini kalabala kotsegula ndi kutseka njira ya madzi. Pamwamba, pomwe mkono umazungulira, pali mabushi aja. Malabala, mabobini ndi mabushi ndizo zimatha msanga. Zimayenera kusinthidwa pafupifupi chaka chilichonse, ndipo pa mjigo wopopedwa kuyambira mbandakucha mpaka usiku ngati yathuyi zimatha chaka chisanakwane.

Mayeso awiri ofuna ndowa ndi wotchi basi

Loyamba ndi loona kuchuluka kwa madzi. Popani mpaka madzi ayambe kutuluka bwino. Kenako ikani ndowa ya malita 20 yopanda kanthu, ndipo popani maulendo 40 pa mphindi imodzi, mkono uzifika pamwamba ndi pansi penipeni. Mjigo wabwino umapereka malita 16 kapena kuposerapo, kutanthauza kuti ndowa imatsala pang'ono kudzaza. Ikangofika theka, kawirikawiri labala wa pulanja watha, ndipo madzi ena akubwerera m'mbali m'malo mokwera.

Lachiwiri ndi loona kudontha. Madzi akatuluka, siyani mjigo upume mphindi 30. Mukayambanso kupopa, werengani maulendo mpaka madzi atuluke. Akapitirira 5, madzi akuthawa m'paipi mjigo ukaima. Mwina bobini kapena labala wa futuvalavu watha, mwina paipi yang'aluka. Ndikudziwa kuti masana n'kovuta kuimitsa mzere kwa theka la ola. Choncho funsani munthu amene amatunga koyamba m'mawa kuti amapopa kangati madzi asanabwere, ndipo muzilemba nambalayo sabata iliyonse. Ikamakwera, lero 10, sabata yamawa 25, vuto likukula.

Zizindikiro zina ndi tanthauzo lake

Mkono ukamagwedera chammbali kapena kugogoda, mabushi atha. Ili ndi vuto lotchipa kuposa onse, koma likalekereredwa chitsulo chimayamba kudyana ndi chitsulo, marodi amakhula paipi, mpaka imabooka kapena rodi imaduka. Ndi zomwe zidatichitikira ife.

Mkono ukapepuka kwambiri madzi osatuluka n'komwe, mwina rodi yamasuka kapena yaduka, kapena labala wa pulanja wachokeratu. Apa lekani kupopa. Kupitiriza kumangowonjezera zowonongeka.

Madzi akamatuluka bwino kwa ndowa zingapo, kenako n'kuyamba kudukiza ndi kulavula mpweya, koma mukausiya kanthawi n'kubwereranso, mjigowo ulibe vuto. Madzi apansi ndiwo atsika, ndipo izi zimachitika kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanayambe. Kusintha malabala sikungathandize. Chofunika ndi kugwirizana nthawi zotungira kuti chitsime chizipuma, komanso kuuza amisiri aone ngati n'kotheka kuwonjezera mapaipi.

Madzi akasintha mtundu kapena fungo mvula ikagwa, onani simenti yozungulira mjigo ndi ngalande yake. Mng'alu umalowetsa madzi akuda apamwamba m'chitsime. Chizindikiro ichi n'choopsa kuposa zonse chifukwa mjigo umaoneka ngati uli bwino. Kolera yomwe idabuka m'Malawi mu 2022 mpaka 2023 idapha anthu oposa 1,700, ndipo pamalo othinana ngati ano imafala msanga. Nenani tsiku lomwelo, ndipo madziwo muziwawiritsa kapena kuthiramo klorini mpaka azaumoyo atawayeza.

Nanga pampopi madzi akamangodontha?

Kumadera omwe amatunga pamipopi, pampu ya sola imakankhira madzi m'thanki yomwe ili pamwamba, ndipo madziwo amatsika okha m'mapaipi. Mphamvu yawo imachokera ku kutalika kwa thanki ndi kuchuluka kwa madzi omwe alimo. N'chifukwa chake mipopi ya kumtunda ndi ya kumapeto kwa paipi imayamba ndiyo kufooka.

Muyezo wa Sphere, womwe mabungwe othandiza anthu pa nthawi ya mavuto amatsatira, umati mpopi umodzi uzitulutsa malita 7.5 pa mphindi. Ndiye kuti ndowa ya malita 20 iyenera kudzaza mphindi zitatu zisanakwane. Ikatenga mphindi zisanu kapena khumi, dzifunseni mafunso atatu.

Kodi ndi mpopi umodzi kapena yonse? Ngati oyandikana nawo akutuluka bwino, vuto lili pampopi womwewo: mchenga watseka, kapena chotsegulira chawonongeka. Ngati ndi yonse ya mzere umodzi, yendani motsatira paipi. Dothi lonyowa nthawi ya chilimwe, kapena udzu wobiriwira pamalo amodzi, zimasonyeza paipi yophulika. Nthawi zina wina amakhala watseka valavu theka, kapena wabowola paipi kuti athirire dimba. Ngati ndi mipopi yonse m'kampu, vuto lili kuthanki kapena kupampu.

Kodi madzi amafooka nthawi yanji? Akamafooka m'mawa n'kulimba masana, thanki imatha usiku ndipo pampu imadikira dzuwa. Masiku a mitambo ndi a chiperoni madzi amachepa chifukwa cha chomwecho. Koma akamachepa dzuwa likuswa mtengo, yang'anani mapanelo muli patali. Fumbi, zitosi za mbalame ndi mthunzi wa nthambi zimachepetsa magetsi, ndipo mthunzi pa panelo imodzi umafooketsa onse olumikizana nayo.

Kodi mpopi ukulavula mpweya kapena mchenga? Mpweya umalowa thanki ikauma, ndipo umatha kutseka njira ngakhale madzi atabwerera. Mchenga ndi mpweya zikabwera pamodzi tsiku ndi tsiku, mwina madzi apansi atsika kufika pomwe pali pampu. Pampu yamagetsi imazizira ndi madzi omwe ikukoka, ndipo ikamazungulira pouma imapsa. Nenani msanga, chifukwa pampu yopsa imatenga nthawi yaitali kuti ipezeke ina.

Zoyenera kuchita ndi zosayenera

Sabata iliyonse a komiti ya mjigo aone ngati mabawuti ali olimba, ayese mayeso awiri aja, ndipo asese ngalande kuti madzi asadikhe. Popani modekha, mkono uziyenda ulendo wonse. Kupopa mothamanga n'kumamenyetsa mkono pansi sikuchulukitsa madzi, kumangotha mabushi. Ana asamalendewere pamkono kapena kuponya timiyala m'kamwa mwa mjigo.

Musatsegule mjigo ngati simudaphunzitsidwe. Afridev imatseguka ndi sipanala imodzi, ndipo pulanja ndi futuvalavu zimatuluka popanda kuzula mapaipi, koma marodi ndi olemera, ndipo chida chikagwera mkati ntchito ya ola limodzi imasanduka ya masabata. Zonse zotulutsidwa ziziikidwa poyera, osati padothi, ndipo zitsukidwe ndi madzi a klorini zisanabwezeredwe. Nthambo ndi bokosi la sola musazikhudze konse: magetsi ake amatha kupha munthu ngakhale pampu itazimitsidwa, bola dzuwa likuwala.

Kanenedwe kothandiza makaniko

Mukapita ku komiti kapena ku ofesi ya zamadzi, kungoti "mjigo wawonongeka" sikukwanira. Makaniko amabwera kudzaona, n'kubwerera kukatenga chipangizo, tsiku n'kutha. Nenani kuti ndi mjigo uti, vuto lidayamba liti, ndowa idafika pati pa maulendo 40, madzi amabwera mutapopa kangati m'mawa, ndiponso ngati mukumva phokoso. Ndi mawu amenewa amanyamuliratu labala kapena mabushi oyenera.

Muyezo uja wa Sphere umati munthu aliyense azipeza malita osachepera 15 patsiku, mjigo umodzi uzitumikira anthu osapitirira 500, ndipo pamzere munthu asamaime kupitirira mphindi 30. Mjigo umodzi ukafa, anthu ake onse amasamukira kwa wina, ndipo winayo amatha msanga. Kunena za mjigo wofooka si kudandaula ayi, ndi kuteteza mijigo yonse.

Pa mjigo wathu uja tsopano pali kope. Mayi amene amatunga koyamba amatiuza nambala yake Lolemba lililonse, ife n'kulemba. Mwezi wathawu idachoka pa 3 kufika pa 12. Tidakanena, makaniko adabwera ndi bobini yatsopano, ndipo pofika masana anthu ankatunga. Ngati pa mjigo wanu palibe kope lotere, yambani sabata ino.