Kukonza Mazinga a Pulagi pa Njinga Yamoto Yakale

Njinga zamoto zakale monga Honda CG125 ndi Yamaha AG200 zikadali miyendo ya alimi ndi alangizi ambiri amene amayenda pakati pa Livingstone, Mukuni, Simonga ndi Kazungula. Vuto limodzi limene limaimitsa njinga zotere ndilo kuwonongeka kwa mazinga a bowo la pulagi. Likachitika pa nyengo yokolola, tomato ndi ndiwo zamasamba zimafota zisanafike ku msika wa Maramba.

Gwero lake n'losavuta kumvetsa. Pulagi ndi yachitsulo cholimba, pamene mutu wa injini ndi wa aluminiyamu, chitsulo chofewa. Pulagi ikalowa mopendama, munthu n'kuikakamiza ndi sipanala, imasema njira yakeyake ndi kuphwanya mazinga. Mchenga wa kuno, umene umaunjikana m'mbali mwa pulagi, umawonjezera vutoli, monganso kumasula pulagi injini ikadali yotentha. Zizindikiro zake ndi izi: pulagi imalimba itangozungulira kamodzi kapena kawiri, mpweya umatuluka m'mbali mwake, ndipo njinga imachepa mphamvu pachitunda.

Ngati mazinga owonongeka ndi a pamwamba okha, timawawongola ndi tapu yoyeretsera mazinga. Kukula kwake kufanane ndi pulagi: njinga ziwiri tatchulazi zimagwiritsa ntchito pulagi ya mamilimita 12, koma zina zimafuna ya 10 kapena 14. Choyamba timadikira injini izizire, n'kuchotsa mchenga wonse. Kenako timazunguza injini mpaka mavalavu onse atatseka ndipo pisitoni ili m'munsi pang'ono, kuti tapu isagunde kanthu. Timapaka gilizi m'mipata ya tapu kuti tizidutswa ta aluminiyamu timatirire pamenepo. Timailowetsa ndi dzanja, choongoka, pang'onopang'ono, tikumaitulutsa kawirikawiri kuti tiipukute ndi kuipakanso gilizi. Pomaliza timaponda kiki kangapo pulagi isanabwezedwe, kuti zotsalira ziuluke.

Ngati mazinga aphwasukiratu, bowo limakuzidwa ndi kuikidwa mazinga atsopano achitsulo. Helicoil ndi waya wopotedwa ngati sipuling'i; Time-Sert ndi kampope kolimba, kamene sikatuluka msanga ngakhale pulagi imasulidwe kawirikawiri. Utali wake ufanane ndi wa mazinga a pulagi, chifukwa chikatulukira mkati chimatentha kwambiri ndi kuyatsa petulo nthawi isanakwane. Ntchito imeneyi ndi bwino kuipereka kwa makanika wodziwa, mutu wa injini utachotsedwa, pakuti kachidutswa kamodzi kotsalira kangakande silinda. Mtengo wa gasiketi yatsopano ndi wochepa poyerekeza ndi wa mutu wina wa injini. Guluu kapena tepi sizingapirire moto ndi mphamvu ya m'silinda. Pulagi yomatidwa motero ingafwamphuke pa ulendo.

Kupewa ndiko kotsika mtengo koposa. Pulagi iyambe kulowa ndi zala zokha mpaka itakhazikika. Ikakana, tiitulutse ndi kuyambanso. Sipanala ibwere pamapeto: pafupifupi theka la mzungulo pa pulagi yatsopano, ndi pang'ono chabe pa yakale, popeza washa wake anaphwatalala kale. Amene ali ndi sipanala yoyezera amange pulagi ya mamilimita 12 pakati pa 15 ndi 20 Nm. Mvula isanayambe, tiyeni aliyense ayang'ane pulagi ya njinga yake m'mawa injini ikadali yozizira.