Mwana Wovutika Kuwerenga M'gulu Lophunzira pa Intaneti

M'chaka cha 1896 dokotala wa ku England, W. Pringle Morgan, analemba za mnyamata wa zaka 14 amene anali wanzeru ndi wochangamuka, koma kuwerenga kunamkanika. Vuto limeneli limatchedwa dyslexia. Si ulesi, si umbuli, ndiponso si nthenda ya maso ayi. Gwero lake lili m'ubongo: mwanayo amavutika kugawa mawu m'maliwu ake ndi kulumikiza liwu lililonse ku lembo lake. Popeza Chichewa chimalembedwa monga momwe chimamvekera, vutoli limaonekera makamaka m'kuchedwa. Mwana amakakamira pa maphatikizo monga mpha, nkho ndi ng'o, ndipo pofika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala chiyambi chake.

Sukulu za m'Malawi zitatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, aphunzitsi ena anayamba kuphunzitsa ana m'magulu a WhatsApp. M'gulu lotere pafupifupi zonse zimayenda mwa malembo. Mwana wathu uja ali mkati mowerenga funso, anzake ayankha kale, ndipo uthenga watsopano wakwirira wakale. Tsono iye amangokhala chete, ndipo mphunzitsi, posaona nkhope yake, amayesa kuti safuna kuphunzira.

Kodi inu, aphunzitsi a mawa, mudzamthandiza bwanji? Choyamba, ntchito iliyonse imene mwalemba muinenenso ndi pakamwa, muitumize ngati uthenga wa mawu. Chachiwiri, nkhani yowerenga muitumize kutatsala tsiku limodzi, kuti mwana aibwereze pang'onopang'ono kunyumba. Chachitatu, lembani ziganizo zazifupi, langizo limodzi pa uthenga umodzi. Chachinayi, funso likaperekedwa, gulu lonse lidikire nthawi imene mwaika, ndipo wofuna kuyankha ndi pakamwa aloledwe. Pakuti pa phunziro la sayansi chimene tikuyesa ndi kumvetsa kwa mwana, osati kalembedwe kake.

Pogawa ntchito m'gulu, mpatseni udindo wofotokoza zimene anzake agwirizana, wina akhale mlembi. Zolakwa za kalembedwe kake musazikonze pagulu, chifukwa cholembedwa m'foni chimakhalitsa ndipo onse amachiona, mukonzereni payekha.

Zonsezi sizichotsa vutolo. Mwanayo afunikabe kuphunzitsidwa maliwu ndi malembo mwadongosolo tsiku ndi tsiku, akuona, akumva, akutchula ndi kulemba. Ntchitoyi ndi ya nthawi yaitali, ndipo akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.