Kupembedza m'masewera a RuneQuest

RuneQuest ndi masewera a ku America amene anatuluka mu 1978. Osewera amazungulira tebulo, aliyense n'kudziyesa munthu wa m'dziko longopeka lotchedwa Glorantha, lomwe analiyambitsa Greg Stafford.

M'dzikomo, wofuna kulowa chipembedzo cha Orlanth, mulungu wa namondwe, amayamba wayesedwa ndi ansembe. Akapambana amapereka gawo la mphamvu ya mzimu wake, n'kulonjeza chakhumi cha chuma chake ndi nthawi yake. Matsenga akamuthera, amawabwezeretsa popembedza pamodzi ndi anzake pa tsiku lopatulika. Wojomba amapita kunkhondo chimanjamanja.

Mkhristu wosewera azindikire kusiyana kwake: kumeneko kupembedza ndi malonda, upereke kuti ulandire. Chisomo cha Mulungu sichigulidwa.