ZAUMOYO: Mitsempha yodyetsa mtima siyenda mofanana mwa anthu onse

Pa 5 January 1988, katswiri wa basketball wa ku United States, Pete Maravich, anagwa ndi kumwalira akusewera ndi anzake mumzinda wa Pasadena. Anali ndi zaka 40. Madokotala atapima mtembo wake anapeza kuti iye anabadwa wopanda mtsempha wa kumanzere wodyetsa mtima. Moyo wake wonse, kuphatikizapo zaka 10 zimene anasewera mu ligi ya NBA, mtima wake unkadalira mtsempha umodzi wokha.

Ngakhale kuti mtima umakhala wodzaza ndi magazi, mnofu wake sudya magazi amene ali m'kati mwakemo. Uli ndi mitsempha yakeyake yotchedwa coronary, imene imayambira patsinde pa aorta, mtsempha waukulu wotulutsa magazi mumtima. Mwa anthu ambiri mitsemphayi ndi iwiri. Wa kumanzere umagawanika pawiri: nthambi ina imatsika kutsogolo kwa mtima, ina imazungulira kupita kumbuyo. Wa kumanja umadzera mbali ya kumanja mpaka kumbuyo.

Kusiyana kosadetsa nkhawa

Mabuku amajambula mitsemphayi motere, koma m'thupi zimasiyana munthu ndi munthu. Mwachitsanzo, nthambi imene imadyetsa kunsi ndi kumbuyo kwa mtima imachokera ku mtsempha wa kumanja mwa anthu 70 mpaka 80 pa 100 alionse. Mwa anthu pafupifupi 10 pa 100 imachokera kumanzere, ndipo mwa otsalawo mbali zonse ziwiri zimathandizana. Mwa ena, mtsempha wa kumanzere umagawanika patatu m'malo mwa pawiri.

Zimenezi si matenda. Komabe dokotala ayenera kuzidziwa, chifukwa mtsempha ukatsekeka, kukula kwa gawo la mtima limene lingawonongeke kumadalira kuchuluka kwa mnofu umene mtsemphawo umadyetsa. Munthu amene mtima wake umadalira kwambiri mbali ya kumanzere amakhala pangozi yaikulu mbaliyo ikatsekeka.

Kuona mitsemphayi bwinobwino mwa munthu wamoyo kunatheka kuyambira mu 1958, pamene Dr Mason Sones wa pachipatala cha Cleveland Clinic anathira mwangozi mankhwala oonekera pa X-ray mumtsempha wa kumanja wa wodwala wina, ndipo wodwalayo sanafe. Mu 1990, akatswiri a pachipatala chomwechi anafalitsa zimene anapeza mwa odwala 126,595 ounikidwa mwa njirayi. Pafupifupi mmodzi pa 100 alionse anali ndi mitsempha yoyambira kapena yodutsa pamalo achilendo, ndipo mwa ambiri a iwo zimenezo sizinali zoopsa.

Pamene pali ngozi

Vuto limakula mtsempha wa kumanzere ukayambira ku mbali ya kumanja n'kudutsa pakati pa aorta ndi mtsempha wopita kumapapo. Poyambira pake pamakhala pothina, ndipo munthu akamathamanga, aorta imafufuma n'kuufinya pa nthawi imene mtima ukufuna magazi ochuluka. Kaundula wa imfa zadzidzidzi za achinyamata ochita masewera ku United States wasonyeza kuti mavuto a mitsempha otere ndi achiwiri pa zifukwa za mtima zophetsa achinyamatawa.

Vuto lina, limene linafotokozedwa mu 1933 ndi madokotala Bland, White ndi Garland, limagwira pafupifupi mwana mmodzi pa ana 300,000 obadwa. Mtsempha wa kumanzere umayambira pa mtsempha wopita kumapapo, motero mtima sulandira magazi okwanira okhala ndi okosijeni. Mwanayo amalira, kutuluka thukuta ndi kupuma mobanika akamayamwa. Popanda opaleshoni, ana 9 mwa 10 otere safika chaka chimodzi, koma mtsemphawo ukasamutsidwira pa aorta ambiri amakula bwino.

Masiku ano makina a echo ndi CT amaonetsa poyambira ndi podutsa mitsemphayi popanda kung'amba munthu, ngakhale kuti m'mayiko ambiri a kum'mwera ndi pakati pa Africa makinawa amapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. Chofunika kwa makolo, aphunzitsi ndi makochi ndi kuzindikira zizindikiro. Wachinyamata amene wakomoka kapena kumva kupweteka pachifuwa ali m'kati mothamanga asanenedwe kuti ndi njala kapena dzuwa chabe. Ayambe waleka masewerawo kufikira mtima wake utaunikidwa.