Matepi Akale a Kulamba Apulumutsidwe Msanga

Mwambo wa Kulamba unayambanso ku Mkaika, m'boma la Katete, mu 1984. Amene anaujambula pa matepi a VHS adziwe kuti tepi imaonongeka ndi cinyontho ndi kutentha. Kampani ya Funai ya ku Japan, yotsiriza kupanga makina oonetsera matepiwa, inaleka mu 2016.

Zimbale za DVD zinatuluka mu 1996, ndipo za Blu-ray, zoonetsa zithunzi zowala kwambiri, mu 2006. Makampani akafuna cimbale cabwino amabwerera ku filimu yoyambirira, cifukwa kukopera tepi yozilala sikuiwalitsa. Kumangosunga zimene zatsalapo.

Cotero banja limene lili ndi tepi ya Gule Wamkulu kapena ya ukwati liikopetse msanga, ndi kusunga yoyambayo pamalo ouma.